Mfuti Yoyambira: Chifukwa Chake Tinayamba Kubwereketsa

Munthu woyamba amene ndinamugulitsa mfuti ya mpikisano sanamalize mpikisano wake woyamba, ndipo wolakwa ndinali ine. Anali bambo wofatsa, ziphaso zonse zimene lamulo limafuna anali nazo. Atalowa m'kasitolo kathu analoza mfuti yodula kuposa zonse, ya gulu la Open (la mfuti zosinthidwa kwambiri), yokhala ndi kagalasi ka kadontho kofiira pamwamba, ndiponso kachitsulo kowombera kofewa moti ukangokakhudza, yalira. Ine mtima unali pa malonda. Ndinawakonzera lamba ndi zoikamo magazini, n'kuwaperekeza mpaka pakhomo.

Tsiku la mpikisano ndinapita kukawaonerera. Pa gawo lachiwiri, akuthamanga kupita pamalo ena owomberapo, chala chinali chidakali pa kachitsulo kaja, ndipo mfuti inalira. Chipolopolo chinalowa m'nthaka kutsogolo kwawo, palibe amene anavulala, koma woyang'anira anawaimitsa pomwepo n'kuwachotsa mu mpikisano wonse, monga amanenera malamulo a IPSC, bungwe la padziko lonse loyendetsa mipikisano yotereyi. Patapita miyezi yochepa anabweretsa mfuti ija kuti tiwagulitsire.

Achimwene, amene tinayamba nawo bizinesiyi, anandifunsa madzulo a tsikulo kuti, "Mphwanga, bambo aja unawafunsa kuti anawomberapo kangati?" Ndinangowerama.

Kuyambira pamenepo tinasintha. Ndalama zimene tinkafuna kuodera mfuti zina zapamwamba tinagulira mfuti zobwereketsa pabwalo lathu lowomberapo, ndipo tinagwirizana kuti wobwera kumene asagule kanthu kwa ife asanawombepo ndi mitundu itatu, mmodzi wa ife ali pambali pake. Malonda anatsika. Ena ankakwiya ndithu n'kukagula kwina, ndipo chaka chimenecho tinavutika kwambiri kulipira lendi ya bwalo.

Aliyense timamuyambitsa ndi .22 LR, mfuti ya zipolopolo zing'onozing'ono. Imalira pang'ono, sidumpha m'manja, ndipo zipolopolo zake n'zotsika mtengo moti munthu angawombe zambiri osadandaula. Mdani wamkulu wa woyamba kumene ndi mantha a kulira kwa mfuti. Thupi limadzidzimuka mfuti isanalire, dzanja limakankhira pansi, chipolopolo n'kupita m'munsi mwa chandamale. Chizolowezi chimenechi chikalowa chimavuta kuchichotsa, ndipo ndaonapo anthu akulimbana nacho kwa zaka chifukwa choti anayambira pa mfuti yamphamvu. Ndi .22 munthu amaona yekha zimene chala chake chikuchita. Mpikisano woyenera kuyambira ulipo: Steel Challenge, umene unayamba mu 1981 ku California. Pa gawo lililonse pali mbale zisanu zachitsulo, umawomba maulendo angapo, ndipo ulendo umene wachedwa kwambiri sauwerengera. Wa .22 sasolola mfuti m'chiuno, amayamba ili m'manja italoza pansi kutsogolo, komanso pa magawo ambiri amangoima pamalo amodzi. Kuthamanga kumene kunagwetsa bambo aja n'kochepa pamenepa.

Pali ena amene timawaona kuti liwiro silikuwasangalatsa, akufuna bata. Amenewo timawapatsa mfuti yampweya, ya mpikisano wa mamita 10 wa ISSF (bungwe lina la padziko lonse la masewera owombera), umene uli pa masewera a Olimpiki kuyambira 1988. Pakati pa chandamale chake ndi mamilimita 11.5 okha, ndipo umawomba ka 60 ndi dzanja limodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ambiri amene anapita kumeneko sanafunenso china.

Koma ambiri mtima wawo uli pa IPSC, kumene umathamanga ndi kusintha magazini, ndipo apa m'pamene ndimakhala nawo pansi nthawi yaitali. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1976 ku Columbia, Missouri, mtsogoleri wake woyamba anali Jeff Cooper, ndipo limayesa zinthu zitatu pamodzi: kulunjika, mphamvu ndi liwiro. Mapointi amene wapeza amawagawa ndi masekondi amene watenga. Mbali ya mphamvuyo ndi imene imasokoneza anthu. Amachulukitsa kulemera kwa chipolopolo m'magireni (muyezo wa zinthu zopepuka kwambiri) ndi liwiro lake m'mafiti pa sekondi, n'kugawa ndi 1000. Chipolopolo cha 9mm cholemera magireni 124 chikamathamanga mafiti 1050 pa sekondi chimapereka 130, ndiye kuti chadutsa 125 imene imafunika pa mlingo wotsika wotchedwa minor. Wa mlingo wokwera wotchedwa major, wa zipolopolo zamphamvu, akamenya m'mbali mwa chandamale, pa C, amapeza mapointi 4, pamene wa minor amapeza 3. Munthu akangomva zimenezi amati, "Ndiye ndipatseni yamphamvuyo, bambo." Ndimamuyankha kuti pakati, pa A, onse amapeza 5, ndipo woyamba kumene amamenya pakati kawirikawiri ndi mfuti imene sikumuopseza.

N'chifukwa chake timalozera anthu ku gulu la Production. Mfuti zake ndi za m'sitolo zosasinthidwa kwambiri, onse amawerengedwa ngati minor, ndipo magazini saloledwa kupitirira zipolopolo 15 poyamba. Palibe amene angakupose chifukwa cha thumba lake lokha. Pathebulo timaika mfuti ziwiri, Glock 17 ndi CZ Shadow 2. CZ ndi yachitsulo, yolemera makilogalamu oposa 1.3, motero imakhazikika ikalira, koma kuwomba koyamba kumafuna kukoka kwakutali komanso kolimba. Glock imalemera pafupifupi theka la pamenepo, imadumpha kwambiri, koma kachitsulo kake kamakokeka mofanana nthawi zonse. Sindisankhira munthu. Ndimangoyang'ana ngati chala chikufika bwino osapotoza dzanja, ndiponso ngati chala chachikulu chikutha kutulutsa magazini mfuti isanatembenukire kumbali. Mayi wina wa manja ang'onoang'ono anabwera atatsimikiza za CZ chifukwa anzake onse anali nayo, koma atayesa zonse ziwiri kwa masabata awiri anatenga Glock, ndipo mpaka lero akupikisana nayo.

Pali nkhani imodzi imene sitinagwirizanebe ndi achimwene. Iwo amati woyamba kumene aphunzire kaye kulunjika ndi tizitsulo tolunjikira ta pamwamba pa mfuti. Ine ndimati kadontho kofiira ndi mphunzitsi wabwino, chifukwa kamagwedezeka ukakoka molakwika, ndipo kwa achikulire amene maso ayamba kufooka n'kothandiza zedi. Tinangosiya kuti mitundu yonse iwiri ikhale pathebulo.

Bizinesi inadzaimanso m'njira imene sitinaiganizire. Amene anayamba bwino sasiya masewerawa. Amabwera mlungu ndi mlungu kudzagula zipolopolo, kulipira maphunziro, kubweretsa anzawo, ndipo akafika pogula mfuti yachiwiri amadziwa kale chimene akufuna.

Mfuti ya Open ija sitinaigulitse kwa wina. Tinaigula tokha kwa bambo aja pamtengo umene anatipatsa, ndipo ili m'sefa. Timaitulutsa kwa amene wamaliza mipikisano isanu osachotsedwapo, ndipo asanaigwire ndimamufotokozera kaye za mwini wake woyamba.