Lachinayi pa benchi: tsiku la mahedifoni

Okutobala ali pakati, ndipo kutentha kwa Salima kwafika pachimake. Lero mafoni osweka galasi anali ochepa pa benchi pathu pano pa Kamuzu Road. Ntchito yambiri inali ya zovala m'makutu.

Kum'mawa kunabwera aphunzitsi ena atanyamula mahedifoni akuluakulu ophimba khutu lonse, Sony WH-1000XM4, amene mwana wawo anawatumizira kuchokera ku Johannesburg. Iwo amati ndi owonongeka, chifukwa akawavala m'minibasi ya ku Lilongwe amamvabe kondakitala akukangana ndi anthu za chenje. Tinawayesa, vuto analibe. Tinati, "Aphunzitsi, tavalani muime apa pafupi ndi jenereta, kenako mudine batani ili." Atadina, kulira kwa injini kunatsikiratu, koma mawu a mnyamata wogulitsa mayunitsi panja ankamvekabe bwinobwino.

Umu ndi mmene ANC, njira yothetsera phokoso ija, imagwirira ntchito. Mbali iliyonse ili ndi timaikolofoni totola phokoso la kunja, ndipo kachipangizo ka mkati kamatulutsa mawu otsutsana nalo kuti ziwirizo zikakumana pa khutu zifafanizane. Zimatheka bwino phokoso likakhala la pansi ndiponso losasinthasintha: injini ya basi, ndege, boti, fani, jenereta, matayala pa phula. Mawu a munthu, kulira kwa mwana, tambala ndi hutala zimakwera ndi kusintha mofulumira, kachipangizo sikazipeza. Pamenepo chimene chimathandiza ndi kutsekeka kwa khutu basi. Anthu ambiri amalipira ndalama zochuluka poganiza kuti agula chete, pomwe agula chochotsa kulira kwa injini.

Chimene chinali chitayamba kuwonongeka pa mahedifoni awo ndi masiponji. Kachikopa kake n'kapulasitiki, ndipo thukuta la kuno limakasupula msanga. Siponji ikang'aluka mpweya umalowa, besi imathawa, ANC nayo imafooka. Ngakhale miyendo ya magalasi a maso ikakhala yonenepa imasiya mpata womwewo. Mukavula, pukutani ndi kansalu konyowa pang'ono ndi madzi okha, osati sipiriti, muumitse pamthunzi, ndipo musawatsekere m'kabokosi ali a chinyezi. Masiponji amagulidwa paokha ndipo amasinthika. Dziwaninso kuti XM4 ndi XM5, mtundu wa Sony umene unatsatira, alibe chizindikiro cha IP, kutanthauza kuti kampani sinalonjeze kuti angapirire madzi kapena thukuta. Ting'onoting'ono ta m'khutu ngati Sony WF-1000XM5 tili ndi IPX4, timapirira thukuta ndi kuwaza kwa mvula, koma osati kugwera m'nyanja.

Chamasana anafika mayi wina amene nyumba yake ili moyandikana ndi chigayo, ndipo amaphunzira pa foni. Ameneyu funso lake linali labwino: agule akuluakulu a ANC kapena a m'khutu apamwamba? Chigayo chili ndi maphokoso awiri, kulira kwa pansi kwa injini ndi kuswekasweka kwa chimanga kumene kumalasa m'makutu. Loyambalo ANC imalitha, lachiwirilo limafuna khutu lotsekedwa. Ndiye poti amakhala maola ambiri m'chipinda cha malata, tinamulangiza a m'khutu. Kuphimba makutu onse awiri ndi masiponji mwezi uno kuli ngati kuvala juzi pa Senga Bay masana.

A m'khutu a waya, monga Shure SE215, safuna batire konse. Kampani yake imati amachepetsa phokoso mpaka madesibelo 37, koma zimenezo zimadalira timphira ta kunsonga. Timabwera m'masaizi atatu, S, M ndi L, ndipo makutu a munthu mmodzi amatha kusiyana, kumanja M kumanzere L. Ta siponji timatseka kuposa ta silikoni. Kavalidwe kake: finyani kasiponji pakati pa zala mpaka kaonde, kokerani khutu m'mwamba ndi dzanja linalo, lowetsani, gwirani masekondi 20 kapena 30 kuti kafufume. Kenako ng'ung'udzani. Mawu anu akamveka ngati ali mkati mwa mutu, mwatseka bwino. Nyimbo zikamveka zopyapyala zopanda besi, musafulumire kunena kuti mwagula zabodza, yesani kaye saizi yotsatira. Ta siponji timatha pakapita miyezi ingapo, choncho gulirani tapadera.

Chimene chimayamba kufa pa a waya ndi wayayo, makamaka pamene amapindika polowa m'foni. N'chifukwa chake ndi bwino kusankha amene waya wake amazuka, kaya a polumikizira potchedwa MMCX ngati a Shure, kaya a timapini tiwiri ta 0.78 mm. Waya akaduka mumasintha waya yekha. Onaninso foni yanu. Tecno ndi itel zambiri zikadali ndi bowo la mahedifoni la 3.5 mm, koma Apple inalichotsa kuyambira pa iPhone 7 mu 2016, ndipo ma Samsung apamwamba anatsatira. Ngati bowolo palibe, pafunika ka adaputala ka USB-C kokhala ndi DAC mkati, kachipangizo kosandutsa nyimbo za m'foni kukhala mawu omveka m'khutu. Totchipa topanda DAC sitigwira pa mafoni ambiri, ndipo timabwezedwa pano kawirikawiri.

Magetsi anazima cha m'ma 2 koloko, ndipo nkhani inatembenukira ku mabatire. Sony WH-1000XM5, amene anatuluka mu 2022 pa madola 399, amatha maola 30 ANC ili yoyatsa. Bose QuietComfort 45 amatha pafupifupi 24. A m'khutu opanda waya ndi ena: AirPods Pro 2 maola 6, WF-1000XM5 maola 8, kenako abwerere m'kabokosi kawo kukatchaja. Ulendo wa ku Lilongwe pa M14, kapena wa ku Nkhotakota pa M5, onsewa amakwanitsa. Koma wopita ku Joni pa basi, masiku awiri pa msewu, ayenera kuganiza bwino. Kwa iyeyo ndi kwa wokwera ndege pafupipafupi, akuluakulu a ANC ndi ndalama yogwiritsidwa bwino. Batire likatha amaimbabe ndi waya, ngakhale ANC imakhala itazima. Kanthu kena kakang'ono: XM4 amapindika n'kulowa m'kachikwama, XM5 sapindika.

Mabatire a ting'onoting'onoto ndi omatidwa mkati, ndipo pakapita zaka ziwiri kapena zitatu maola amayamba kuchepa moonekeratu. Kutentha kumafulumizitsa zimenezi. Kabokosi kosiyidwa pa dashibodi kapena pa zenera masana a kuno kakudzifupikitsira moyo. A waya abwino amatha zaka zambiri osakumana ndi vuto limeneli, ndipo kwa munthu wa pakhomo wofuna mawu omveka bwino, ndi amene ife timawaika patsogolo.

Mnyamata wina anabwera ndi "AirPods Pro" amene anagula pa mtengo wa nkhuku ziwiri. Enieniwo anatuluka pa madola 249. Kuonekera kwa chithunzi pa iPhone mukatsegula kabokosi si umboni, abodza nawo amatero. Yatsani fani, valani, sinthani pakati pa ANC ndi kuzimitsa. Kulira kwa fani kukapanda kusintha, mulibe ANC mmenemo. Ake sanasinthe.

Za LDAC, njira ya Sony yotumizira nyimbo pa Bluetooth, sitinatayepo nthawi. Imanyamula mpaka 990 kbps pa Android, iPhone ilibe, koma ngati nyimbo zanu ndi zotumizirana pa WhatsApp simumva kusiyana kulikonse.

Phindu limene anthu saliwerengera ndi la makutu eni ake. M'basi anthu amakweza voliyumu kuti apose injini. Bungwe la WHO limati wamkulu asapitirire madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata, ndipo mukakweza ndi madesibelo atatu okha nthawi yololedwayo imatsika ndi theka. Khutu likatsekeka bwino, kaya ndi ANC kaya ndi kasiponji, theka la voliyumu limakwana. Koma pa kabaza, pa njinga yamoto ndi poyenda m'mbali mwa msewu, vulani kapena yatsani mbali yolowetsa mawu a kunja, kuti mumve lole ikubwera kumbuyo. Mphepo nayo ndi mdani wa ANC. Nyengo ya mwera kunyanja, mphepo ikamawomba timaikolofoni mumamva phokoso loposa limene mumathawa, ndiye kuli bwino kungoizimitsa.

Ntchito yomaliza inali ya bambo wina amene mbali imodzi ya a m'khutu awo imamveka motsika. Sipika inali yamoyo, kasefa ka kunsonga ndi kamene kanatsekeka ndi phula la m'khutu. Tinavula kamphira n'kukatsuka ndi madzi a sopo, kenako tinaloza kasefa pansi n'kukapukuta ndi mswachi wouma kuti zinyalala zigwe kunja. Singano kapena chitsotso ayi, zimakankhira phula mkati kapena kuboola kasefa. Kamphira kaume kaye musanakabwezeretse. Bambowo tawauza kuti azichita zimenezi kamodzi pa sabata, ndipo ngati khutu lenilenilo likumva motsika apite ku chipatala akalione.