Kusankha osewera 11: zomwe ndaphunzira pa masewero a Morocco ndi France

Pa 14 Disembala 2022, Morocco inakumana ndi France pabwalo la Al Bayt ku Qatar, mu ndime ya matimu anayi ya chikho cha dziko lonse. Palibe timu ya mu Africa imene inafikapo pamenepo m'mbuyo monsemo. Masewero amenewa ndi omwe ndinatenga pa ntchito yomwe tinapatsidwa ku maphunziro a ukochi amene ndikuchita. Ntchitoyo inali yakuti aliyense asankhe masewero amodzi akuluakulu, ayerekeze kuti kochi ndi iyeyo ndipo tsikulo silinafike, alembe osewera 11 oyamba ndi fomesheni yake, kenaka apereke chifukwa pa dzina lililonse. Aphunzitsi athu analetsa chinthu chimodzi: kulemba kuti "ameneyu ndi katswiri". Amati chimenecho si chifukwa, ndi kuchemerera, ndipo ochemerera malo awo ali kusitandi.

Morocco ndinaisankha dala. Ndi yomwe inatulutsa Flames ku AFCON pa 25 Januwale 2022 ku Yaoundé, tsiku lomwe Gabadinho Mhango anaponya chimpira cha patali chija n'kumudutsa Yassine Bounou pamutu, Youssef En-Nesyri n'kubweza, Achraf Hakimi n'kutimaliza ndi friikiki. Anthu amenewa ndakhala ndikuwalondola kuyambira pamenepo, mwina ndi kansanje pang'ono.

Walid Regragui anapatsidwa timuyi kumapeto kwa Ogasiti 2022, kulowa m'malo mwa Vahid Halilhodžić, patatsala miyezi yosakwana itatu kuti chikho chiyambe. Nthawi yophunzitsa zambiri inalibe, ndiye anagwira kaimidwe kamodzi n'kukakamira pomwepo. Kumbuyo anayi: Hakimi, Nayef Aguerd, kaputeni Romain Saïss ndi Noussair Mazraoui. Patsogolo pawo Sofyan Amrabat yekha ngati nambala 6. Patsogolo pa Amrabat mzere wina wa anayi: Hakim Ziyech kumanja, Azzedine Ounahi ndi Selim Amallah pakati, Sofiane Boufal kumanzere. En-Nesyri kutsogolo payekha. Ndiyo 4-1-4-1 imeneyo, ngakhale akatenga mpira imatambasuka n'kukhala 4-3-3. Ndi kaimidwe kameneka analepherana 0-0 ndi Croatia, anagonjetsa Belgium 2-0 ndi Canada 2-1, anatulutsa Spain pa mapenate, kenaka Portugal 1-0. Masewero asanu, chigoli chimodzi chokha m'golo mwawo, chomwechonso chodzichinya yekha Aguerd.

Nditayala zitsekerero za mabotolo patebulo n'kumazisuntha motsatira vidiyo ya masewero a Spain, ndinaona chomwe chinkaipatsa mphamvu timuyi. Otchinga pakati awiri aja sankachoka pamzere wawo. Wosewera wa Spain akalowa pampata wa pakati pa mizere iwiri ija, wopita naye anali Amrabat. Amrabat akakokedwera mbali imodzi, Ounahi kapena Amallah ankabwerera kudzatseka pomwe wachoka. Aliyense ankadziwa amene ali kumanja kwake ndi kumanzere kwake osayang'ana. Spain inapatsirana mpira pafupifupi ka 1,000 koma Bounou anangogwira ntchito yeniyeni pa mapenate.

Vuto linali matupi. Aguerd anatuluka atavulala pa masewero a Spain ndipo a Portugal sanasewere. Mazraoui nayenso a Portugal anawaphonya. Saïss anasewera ndi ntchafu yomanga mpaka anamutulutsa pamachira m'chigawo chachiwiri. Ndiye pokonzekera France, atatu mwa otchinga kumbuyo anayi aja anali okayikitsa, ndipo m'mbali mwa France munali Kylian Mbappé ndi Ousmane Dembélé, anyamata oti ukangophethira wawaonera kumsana.

Regragui anawalemba onse atatu. Anasinthanso fomesheni kupita ku 5-4-1, kuika asanu kumbuyo powonjezera Jawad El Yamiq, ndipo amene analipira ndi Amallah, yemwe anakhala pabenchi. Pakati panatsala Amrabat ndi Ounahi basi.

Zinaphwasuka msanga. Aguerd analephera akutenthetsa thupi, masewero asanayambe n'komwe, Achraf Dari n'kulowa m'malo mwake. Pa mphindi 5, Raphaël Varane anaponya mpira wapansi kulunjika kwa Antoine Griezmann. El Yamiq anatuluka pamzere kuti audule, anauphonya, Griezmann n'kupezeka ali yekha kuseri kwake. Mpira unafika kwa Mbappé, unagunda anthu, n'kugwera Theo Hernández amene anaugwira m'mwamba n'kuumwetsa. Pa mphindi 17, mpira wautali unadutsa Saïss. Muuonerenso bwino pamenepo. Olivier Giroud anali ndi zaka 36, munthu woti sanatchukepo ndi liwiro, koma Saïss atatembenuka kuti amuthamangitse, mwendo unakana, akuchita kuukoka. Giroud anamusiya n'kuwomba chitsulo. Pa mphindi 21 Saïss anatuluka, Amallah n'kulowa, timu n'kubwerera ku 4-1-4-1 yake. Popumulira Mazraoui nayenso anatsala, Yahia Attiyat Allah n'kulowa.

Mkalasi tinatsutsana kwambiri pa funso lakuti cholakwika chinali fomesheni kapena mayina. Anzanga ambiri ankati fomesheni: sungasinthe kaimidwe komwe kakufikitsa patali chonchi pa tsiku lalikulu kuposa onse. Ena anatchula za Pep Guardiola ku Porto pa 29 Meyi 2021, pamene Manchester City inalowa fainolo ya Champions League ndi Chelsea itasiya osewera ake awiri a nambala 6, Rodri ndi Fernandinho, onse pabenchi, pasi ya Mason Mount n'kudutsa pakati pomwepo kukapeza Kai Havertz. Mfundo yawo ndi yomveka, ndipo chigoli choyamba cha France chikuwavomereza. Mu 4-1-4-1, Griezmann akamayendayenda pakati pa mizere anali wa Amrabat. Mu 5-4-1, Amrabat ndi Ounahi anali ndi anthu atatu owayang'anira, Aurélien Tchouaméni, Youssouf Fofana ndi Griezmann, ndiye wotchinga kumbuyo mmodzi ankayenera kutuluka kukathandiza. Kutuluka kotero kumafuna kuzolowerana, kudziwa kuti ndikachoka ine wakuti atseka. El Yamiq, Saïss ndi Dari analibe nthawi yozolowerana chotero.

Koma ine ndikuona kuti mafunso awiriwa ndi limodzi, ndipo apa ndi pomwe ntchitoyi yandiphunzitsa chinthu chatsopano. M'mene ndikuonera, asanu akumbuyo aja sanabwere chifukwa cha Mbappé yekha. Anabweranso chifukwa cha Saïss. Wotchinga amene sangathamange umamuika pakati pa anzake awiri, kuti mtunda woyenda uchepe ndipo akaphonya pakhale womuphimba. Kochi akangoganiza kuti kaputeni wanga ayambe zivute zitani, fomesheni yasankhidwa kale, ndipo wosankha si kochiyo koma mwendo wodwala uja. Kuchoka apo zimangotsatana: wotchinga wachitatu akalowa, wapakati mmodzi atuluke, wapakati akatuluka, nambala 6 ntchito yamuchulukira, ntchito ikamuchulukira, mzere wakumbuyo uyambe kung'ambika. Dzina limodzi papepala linasuntha anthu anayi kapena asanu pamalo omwe anawazolowera.

Palinso masamu a benchi, omwe kale sindinkawawerengera. Malamulo a masiku ano amalola kusintha osewera asanu, koma masewero ali mkati umaimitsa katatu kokha. Kusintha kwa popumulira sikuwerengedwa pa katatuko. Za Aguerd sizinawadyere kanthu chifukwa zinachitika wosewetsa asanaimbe wezulo. Koma Saïss anadya munthu mmodzi ndi mpata umodzi pa mphindi 21, Mazraoui anadya munthu wachiwiri. Timu yomwe ikufuna kubweza chigoli inatsala ndi anthu atatu okha oti asinthe masewero, awiri atathera kukonza pepala loyamba. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Wosewera amene dokotala akuti "mwina atha" ndi wapachala ameneyo.

Taonani mbali inayo. Didier Deschamps, yemwe anali kochi wa France, nayenso anali ndi odwala: Adrien Rabiot ndi Dayot Upamecano sanali bwino m'thupi. Anangochotsa mayina awiriwo n'kulemba Fofana ndi Ibrahima Konaté, kaimidwe osakakhudza, ndipo odwala awiri aja anabwerera pa fainolo ndi Argentina patatha masiku anayi. Benchi yake inatsala yathunthu. Ataona kuti Hakimi ndi Ziyech akumusautsa Theo Hernández chifukwa Mbappé sabwerera kudzathandiza, pa mphindi 65 anatulutsa Giroud, Marcus Thuram n'kupita kumanzere kukagwira ntchito yothamanga, Mbappé n'kulowa pakati. Pa mphindi 79 Randal Kolo Muani anamwetsa chachiwiri atangolowa kumene. Inde, wina anena kuti n'kosavuta kusiya Upamecano pamene m'malo mwake muli wosewera wa Liverpool. Ndi zoona. Koma Regragui nayenso sanali wosauka monga ambiri amaganizira. Dari ndi Attiyat Allah anali anyamata ake a ku Wydad Casablanca, omwe anatenga nawo chikho cha CAF Champions League mu Meyi chaka chomwecho, ndipo pamodzi ndi El Yamiq anali atangothandiza kutsekera Portugal osachinyitsa.

Pepala langa ndinalemba chonchi: Bounou, Hakimi, El Yamiq, Dari, Attiyat Allah, Amrabat, Ziyech, Ounahi, Amallah, Boufal, En-Nesyri. Mukaona bwino, imeneyi ndi timu yomwe inayamba chigawo chachiwiri, ndipo ndi yomwe inaipanikiza France kwambiri usiku umenewo. Aphunzitsi sanandisiye kuti ndinyade nazo. Anati, "Achimwene, France inali itatsogola kale, mpira inkawasiyira dala. Mukudziwa bwanji kuti pa 0-0 Mbappé sakanamudya Dari wanuyo?" Kenaka anafunsa lachiwiri, lomwe ndi lovuta kwambiri: Saïss akakhala pabenchi, akuwa ndani kuti mzere ukwere kapena utsike? Ndinayankha kuti Bounou kumbuyo ndi Amrabat kutsogolo kwawo angagawane ntchitoyo. Anagwedeza mutu mosakhutira kwenikweni, n'kulemba m'mphepete mwa pepala kuti yankho la funso limenelo lizikhala mbali ya mndandanda, osati lobwera pambuyo.

Regragui sindikumuweruza mopepuka. Kuuza Saïss, munthu amene wanyamula timu mpaka pamenepo, ali ndi zaka 32, kuti masewero aakulu kuposa onse m'mbiri ya dziko lake awaonera pabenchi, si nkhani ya pabolodi. Osewera anzake amaona, ndipo mtima wa timu umatha kugwa. Chomwe ndatolapo n'chakuti chisankho chimenecho chili ndi mtengo wowerengeka, ndipo kochi aziuwerengera asanasaine pepala: anthu angati asuntha chifukwa cha ameneyu, ndipo akatuluka pa mphindi 20 nditsala ndi chiyani.

Zimenezi zandipeza pafupi, chifukwa timu ya anyamata osapitirira zaka 17 yomwe ndimaphunzitsa m'dera lathu ili ndi masewero Loweruka, ndipo kaputeni wathu, yemwe amatchinga pakati, anabinya kakolo sabata yatha. Mnyamata wa msinkhu umenewu kumufunsa kuti "uli bwanji?" n'kutaya nthawi. Yankho ndi limodzi: "Ndili bho, kochi." Ndiye ndasiya kufunsa. Pathireni ndinamuimika kuyang'ana golo la adani, ine n'kuponya mpira pamwamba pa mutu wake, mnyamata wathu wothamanga kwambiri n'kunyamuka kuulondola. Ntchito yake inali kutembenuka n'kumupeza. Kuthamanga molunjika ankatha bwinobwino. Potembenuka ndi pomwe zinaonekera: m'malo mopindira pa mwendo wobinyawo, ankazungulira ndi masitepe ang'onoang'ono atatu, nkhope itachita tsinya, mnzakeyo atapita kale.

"Waona wekha?" ndinamufunsa.

"Loweruka ukhala utapola, kochi. Ndimanga bandeji."

"Bandeji sathamanga, iwe."

Maganizo oyamba omwe anandibwerera anali a Regragui enieni: ndiike atatu pakati, iye akhale pakati pawo. Nditayala zitsekerero zija, ndinapeza kuti kuti zitheke ndiyenera kuchotsa mnyamata amene amathandiza nambala 6 wathu, ndiponso osewera m'mbali mwathu sanaphunzirepo kukwera ndi kutsika mzere wonse. Tikhala pa 4-1-4-1 yomwe tayeserera chaka chonse. M'malo mwa kaputeni mulowa mnyamata wamtali amene amakhala pabenchi, wochedwa pang'ono pa mpira koma miyendo yonse iwiri ndi yake. Wokuwa kuti mzere ukwere akhala goloboyi, ndipo ndamuuza kale kuti ndikufuna kumumva ndili kubenchi. Kaputeni avala yunifomu n'kukhala pafupi ndi ine. Tikatsogola n'kumapanikizidwa ndi mipira yam'mwamba m'mphindi 15 zomaliza, alowa kudzagunda ndi mutu, pamene timu yonse yatsikira kumbuyo ndipo kuseri kwake kulibe mtunda woti athamange.