Dzanja langa ndi nsalu ya Mfumu Henry

Popeza mlamu wanga wayamba kale kufalitsa nkhaniyi, ndipo ena mwa inu mwayamba kunditcha Abrahamu, ndi bwino ndinene ndekha kuti nsalu ija sindinaikhudze. Panatsala mpata woti nyerere ikanadutsa bwinobwino itasenza katundu.

Tinali m'holo yaikulu ya nyumba yachifumu ya Hampton Court, kufupi ndi London, momwe anapachika nsalu zoluka zosonyeza mbiri ya Abrahamu, zimene Mfumu Henry VIII analukitsa ku Brussels cha m'ma 1540 ndi ubweya wa nkhosa, silika ndi ulusi wagolide. Ndikuvomera kuti ndinafunsa mokweza chifukwa chimene anayanikira makapeti pakhoma. Wotiyendetsa anayankha modekha kuti si makapeti, ndipo pamene ankawerengera chuma cha Mfumu Charles I ataphedwa mu 1649, nsalu khumizi anaziika pa mtengo woposa mapaundi 8,000.

Mtengowo ndi umene unandiputa. Mayi anga anagulitsa zitenje ku Limbe kwa zaka zambiri, ndipo anandiphunzitsa kuti nsalu saigula ndi maso, amaifikisa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Dzanja langa, lomwe linaleredwa bwino, linanyamuka lokha n'kudutsa malire a alendo.

Mlonda anatsokomola kamodzi kokha.

Dzanja linauma m'malere, zala ziwiri zitakanula ngati nkhanu. Kulibweza kukanakhala kuvomera mlandu, kulipititsa patsogolo kukanakhala kugulitsa munda wa makolo, choncho ndinalisiya pomwepo kwa nthawi imene ndinaiona ngati nyengo yonse ya dzinja. Alendo anasiya kuyang'ana golide wa zaka pafupifupi 500 n'kuyamba kuyang'ana ine. Nditakweza maso ndinaona kuti patsogolo panga pali Abrahamu mwiniwake, mkono uli m'mwamba pa Isake, nayenso ataimitsidwa ndi mngelo. Tinayang'anizana ngati anthu awiri ogwidwa tsiku limodzi, kusiyana kwake n'kwakuti iye anapatsidwa nkhosa, ine ndinapatsidwa mawu akuti, "Bwana, chonde bwererani m'mbuyo."

Ndinauza mlondayo kuti ndimangoloza, koma mlamu anafunsa pagulu ngati kwathu timaloza ndi zala ziwiri.

Potuluka ndinagula kansalu kopukutira mbale m'sitolo ya pamenepo, ndipo ndinakafikisa mpaka mtima unakhala pansi. Ndi kopyapyala ndithu.