Zikomo anzanga a kufakitale ku Leicester, ku England

Ndamaliza mayeso anga omaliza sabata ino, ndipo pali anthu amene sindingabwerere kumudzi ndisanawathokoze.

Chaka chonsechi ndimaphunzira masana, usiku n'kumakagwira ntchito pafakitale yopanga masangweji. Viza ya ophunzira imalola maola 20 okha pa sabata sukulu ikakhala mkati, choncho ola lililonse linali lendi ndi chakudya changa.

Mayi a ku Poland amene tinkaima limodzi palamba woyendetsa buledi, zikomo kwambiri. M'chipinda muja mumazizira ngati mufiriji. Usiku wanga woyamba zala zinachita dzanzi, buledi n'kumangondidutsa, misozi ili lengelenge. Inu simunalankhule zambiri. Munandipatsa magolovesi anu opyapyala oti ndizivalira mkati mwa apulasitiki aja, kenako munkatola mwakachetechete zonse zomwe ndaphonya mpaka manja anga atazolowera. Magolovesiwo ndikadali nawo, ndipita nawo ku Malawi.

Achimwene a ku Ghana, mwezi wa Disembala wonse munkandisiya pakhomo tikaweruka 6 koloko m'mawa, kunja kuli bii, mvula ikuwaza. Ndikatulutsa ya mafuta munkakana.

Nanu amayi akumpingo, Amalawi anzanga, amene Lamulungu lililonse munkandisungira nsima ya usipa podziwa kuti ndifika mochedwa ndi tulo m'maso, Mulungu akuwonjezereni pomwe munachotsa.

Ndi inu bambo osadziwika amene munandidzutsa m'basi tsiku la mayeso, mutaona mabuku pamiyendo panga, ndinalowa m'kalasi nthawi yake. Ndinakhoza, bambo.