Nyimbo za pabwalo la mpira zimakonzedwa wotchi ili m'manja

Munthu akapatsidwa ntchito yoika nyimbo pa mpira, kawirikawiri amayamba ndi kufunsa kuti zomwe zavuta m'tauni masiku ano ndi ziti. Amadzaza fulashi ndi nyimbo 200, kufika pabwalo, kulumikiza nthambo, basi n'kusiya kompyuta izisankha yokha. Zotsatira zake tonse tidazionapo: wosewera ali gone pansi akubuula, a machira akuthamanga, kwinaku masipika akulimbikira nyimbo ya pa ukwati. Funso loyambira ndi lina. Phokoso likufunika pa mphindi iti, ndipo bata likufunika pa mphindi iti?

Opanga mafilimu funsoli adaliyankha kalekale. Filimu ikatha kudulidwa ndi kulumikizidwa, wotsogolera amakhala pansi ndi wopeka nyimbo n'kuionera kuyambira kumutu mpaka kumchira. Mkumano umenewu amautcha spotting. Pa chigawo chilichonse amagwirizana kuti nyimbo ilowe pati, ituluke pati, ndipo ikudzagwira ntchito yanji. Nthawi amailemba mpaka pa sekondi, ena mpaka pa chithunzi chimodzi, pakuti sekondi imodzi ya filimu imakhala ndi zithunzi 24. Malo ambiri amagwirizana kuti asaikepo kanthu.

Wolemba ndemanga za mafilimu amene akufuna kunenapo za nyimbo atsate mapazi omwewo. Ulendo woyamba onerani ngati munthu wamba. Ulendo wachiwiri khalani ndi kope, ndipo nyimbo ikangolowa lembani mphindi yake, ikatuluka lembaninso. Siyanitsani nyimbo yomwe anthu a m'nkhaniyo akuimva, monga wailesi ya m'minibasi kapena kwaya ya pamaliro, ndi nyimbo yomwe akuimva oonera okha. Mukatha, yang'anani kope lanulo. Mukapeza kuti pa filimu ya mphindi 100 nyimbo yalira mphindi 90, ndiye kuti wotsogolera sakuwakhulupirira ochita sewero ake, akufuna kiyibodi ilire m'malo mwawo. Matenda amenewa ndi ofala m'mafilimu opangidwa ndi ndalama zochepa, kuno kwathu ngakhale kunja: kanyimbo kachisoni kamodzimodzi kuyambira pomwe mayi wadwala mpaka pomwe mwana wapeza ntchito. Chinanso choti mutchere khutu ndi pomwe anthu akuyankhula. Nyimbo imayenera kutsika kwambiri mawu akayamba. Ngati mwachita kubweza m'mbuyo kuti mumve zomwe wanena munthu, lembani zimenezo mu ndemanga, ndipo tchulani mphindi yake. Ndemanga yongoti "nyimbo zake n'zokoma" siithandiza woonera ngakhale wopanga.

Mpira kusiyana kwake ndi filimu n'kwakuti palibe akudziwa mathero. Koma mafupa a tsikulo amadziwika, ndiye pepala la nthawi litha kulembedwa dzulo lake. Tiyerekeze kuti woimbira aliza wezulo 2:30 masana.

Kuyambira pomwe zipata zatsegulidwa kufika cha m'ma 1:40, anthu akungolowa, kufuna malo, kugula chimanga ndi madzi. Apa mpofunika nyimbo zoyenda pang'onopang'ono, zogunda pakati pa 85 ndi 100 pa mphindi, ndipo voliyumu ikhale yoti anthu awiri oyandikana acheze osakuwa. Kugunda kwa nyimbo kuyeza kwake n'kosavuta: werengani kugunda kwa ng'oma kwa masekondi 15, chulukitsani ndi 4. Reggae ndi nyimbo zambiri zauzimu zimagwera m'chigawo chimenechi. Matimu akatuluka kudzatenthetsa matupi, kwezani kufika pakati pa 105 ndi 120. Amapiano ambiri amasewera cha m'ma 110 mpaka 115, ndiye amakhala bwino apa. Zothamanga kwambiri, za 125 kupita m'mwamba, zisungireni mphindi 10 zomaliza matimu atabwerera m'zipinda zovalira.

Pali chifukwa china chosayambira pamwamba, ndipo si cha kukoma. Anthu omwe akadali pamzere kunja akamva phokoso lakwera mwadzidzidzi amaganiza kuti mpira wayamba, ndipo amayamba kukankhana. Aliyense wokumbukira za pa 6 Julaye 2017, pomwe anthu 8, ambiri mwa iwo ana, adafa popanikizana pa zipata za bwalo la Bingu ku Lilongwe, amadziwa kuti khamu lopanikizana pachipata si chinthu choseweretsa. Masipika a pabwalo ntchito yawo yoyamba ndi kupereka uthenga. Nyimbo ndi mlendo chabe. Choncho maikolofoni ya muulutsi ikhale pa tchanelo chakechake pa mikisa, ndipo woika nyimbo akhale poti muulutsi akangokweza dzanja, nyimbo yatsika pomwepo. Ngati oyang'anira chitetezo anena kuti kunja kwadzaza, tsitsani nyimbo, muulutsi anene momveka kuti kwatsala mphindi zingati.

Masamu a nyimbo zake ali motere. Nyimbo imodzi imatenga mphindi 4 kapena kuchepera pang'ono, ndiye ola limodzi limadya nyimbo 15. Mukachotsapo nthawi yolengeza mayina a osewera, mauthenga a othandiza mpikisano ndi zidziwitso za ana osochera, zimatsala 11 kapena 12. Konzani zoonjezera za mphindi 30 zosachepera, chifukwa timu kuchedwa panjira kapena mlendo wolemekezeka kufika mochedwa si zachilendo. Zoonjezerazo zikhale za m'chigawo chapakati. Mukayamba kubwereza nyimbo zomwe zalira kale, anthu amadziwa kuti zasokonekera.

Polowa matimu pamafunika nyimbo imodzi, yomweyomweyo sabata ndi sabata. Anthu ambiri amaipeputsa nkhaniyi. Nyimbo ya mpikisano wa UEFA Champions League, yomwe Tony Britten adaikonza mu 1992 potengera nyimbo ya Handel ya m'chaka cha 1727, mphamvu yake yagona pakuti imalira pa nthawi imodzimodzi, osewera ataima pamzere, kwa zaka zoposa 30. Mwana wa ku Ndirande kapena ku Chipata akangoimva m'chipinda choonetsera mpira amadziwa kuti nthawi yakwana. Timu yathu ikamasintha nyimbo yolowera mwezi uliwonse potsata zomwe zatchuka, ikutaya chinthu chomwe sichigulidwa. Yezani ndi wotchi mtunda wochokera pakhomo la zipinda zovalira kufika pomwe osewera amaima. Pamabwalo ambiri sizipitirira mphindi imodzi ndi theka. Dulani nyimboyo kuti chimake chifike pomwe kaputeni akuponda udzu.

Pa masewero a mayiko, nyimbo za fuko ndiye poterera penipeni. Ya alendo imayamba, yathu imatsatira. Fayilo ya alendo itengedwe kwa akuluakulu a timu yawo kapena kwa woyang'anira masewero, ndipo mmodzi wa iwo aimvere yonse dzulo lake n'kuvomereza. Osaikoka pa intaneti m'mawa wa tsikulo: mayiko ena adasintha nyimbo zawo, ndipo zakale zikadali mbwee pa YouTube. Yathu ili ndi ndime zitatu koma pabwalo timaimba yoyamba, ndiye onetsetsani kuti fayilo ikuthera pomwepo, isapitirire anthu atayamba kale kuomba m'manja. Mafayilo awiriwa akhale m'foda yawoyawo, kutali ndi nyimbo zovina, ndipo batani loti nyimbo ina itsatire yokha lizimitsidwe.

Wezulo ikalira, chotsani dzanja pa mikisa. Mphindi 45 zimenezo ndi za masapota, ng'oma zawo, malipenga ndi mavuvuzela. Pa mpira wa Bullets ndi Wanderers palibe sipika ingapose zomwe zimachokera m'mastandi, ndipo kuyesa kupikisana nawo n'kudzichotsa ulemu. Osewera nawonso amafunika kumva wezulo ndi kumvana okhaokha.

Chigoli chokha ndicho chimalola nyimbo, koma mwa malamulo ake. Kachidutswa kakhale ka masekondi 10 mpaka 15, koyambira pa kolasi penipeni, osati pa mawu oyamba a woimba popereka moni kwa anzake. Musanakanikize, yang'anani woimbira wam'mbali ngati sadakweze mbendera, ndiponso wapakati ngati waloza pakati pa bwalo. Masekondi awiri odikirawo amapulumutsa manyazi aakulu, pakuti nyimbo yachisangalalo pa chigoli chokanidwa imaputa mkwiyo, ndipo mkwiyowo amausenza ndi woimbira. Nyimbo ithe mpira usanayambikenso. Alendo akagoletsa, muulutsi atchule dzina la wogoletsa ndi mphindi, basi. Pa ndime yomaliza ya chikho, pomwe bwalo silili la timu iliyonse, matimu onse apatsidwe mofanana: aliyense kachidutswa kake, apo ayi onse asapatsidwe.

Nthawi yopuma siipitirira mphindi 15 malinga ndi malamulo a mpira. Nyimbo zitatu n'zokwana, ndipo yachitatu izilala matimu akamatuluka. Za pamapeto konzani mafoda awiri, lina la kupambana, lina la kugonja kapena kufanana mphamvu. Lachiwirili likhale la nyimbo zofatsa, pa voliyumu yotsika, zoperekeza anthu kuzipata. Nyimbo zachipani, zotukwana ndi zonyoza timu ina zisapezeke n'komwe pa kompyuta, chifukwa chomwe chilipo tsiku lina chala chidzachigunda.

Tsopano za mafayilo, pomwe ambiri amagwera. Nyimbo zoyenda pa WhatsApp ndi zokokedwa pa masamba aulere zimabwera ndi mavuto atatu: kukula kwa mawu kosiyana, kachetechete wa masekondi angapo koyambirira, ndi mawu a munthu wolengeza dzina la tsamba lake pakati pa nyimbo. Pa foni simuzimva, koma pa masipika akuluakulu zimamveka ngati mbale yagwa m'tchalitchi. Mvetserani fayilo iliyonse mpaka kumapeto. Pulogalamu yaulere ya Audacity imatha kudula kachetechete ndi kufananitsa kukula kwa mawu; ikani zonse pa muyezo umodzi wa kukula kwa mawu, monga -14 LUFS womwe Spotify imagwiritsa ntchito, kuti musamathamangire voliyumu nyimbo iliyonse ikasintha. MP3 yopanikizidwa kwambiri, ya 128 kbps, imamveka ngati mchenga pa zitoliro ndi zinganga. Funani ya 256 kapena 320, kaya WAV. Mayina a mafayilo ayambe ndi manambala, 01, 02, 03, kuti makina alionse awasanje mofanana. Zonse zikhale pa laputopu, pa fulashi, ndi pa foni yachiwiri yozimitsidwa netiweki. Foni ya netiweki yoyaka tsiku lina idzaulutsa kuitana kwa alamu anu kwa anthu 20,000.

Tulutsani mawu mu mono, kuti sipika iliyonse izitulutsa mawu ofanana. Pabwalo munthu amakhala pafupi ndi sipika imodzi, ndiye nyimbo ya stereo, yogawa mawu kumanja ndi kumanzere, imamufikira theka. Gitala yomwe ili mbali inayo saimva. Nthambo yopyapyala yochokera pa laputopu isapitirire mamita awiri kapena atatu, kupanda kutero imatola mng'ung'udzo, makamaka chaja ikakhala pa jenereta. Ilowetseni mu kabokosi ka DI, kothandiza mawu kuyenda mtunda wautali osatola mng'ung'udzo, kuchoka apo muyende ndi nthambo ya XLR, ija ya maikolofoni. Bluetooth isiyeni kunyumba: imafika mamita 10 okha pabwino, imachedwetsa mawu, ndipo pakati pa mafoni zikwizikwi imadukaduka. Poyatsa, yambani ndi laputopu, kenako mikisa, ampulifaya pamapeto. Pozimitsa bwererani chammbuyo. Mukasemphanitsa, kaphokoso ka "thu!" kaja kamapita m'masipika ndi mphamvu yonse, ndipo ma tweeter, timasipika ta mawu opyapyala, amapsa motero. Getsi lofiira la clip, lochenjeza kuti mawu apyola muyezo, likamaphethira, tsitsani. Jenereta ya zokuzira mawu isagawane ndi mafiriji a ogulitsa zakumwa, chifukwa firiji ikamadzuka imakoka mphamvu, ampulifaya n'kuzima.

Mtunda nawo uli ndi masamu ake. Panja, mawu amatsika ndi ma decibel 6 (decibel ndi muyezo wa kukula kwa mawu) mtunda ukawirikiza kawiri. Sipika yopereka 100 pa mamita 4 imapereka 94 pa mamita 8, 88 pa 16, 82 pa 32, ndipo pa mamita 64 yatsala ndi 76. Ndiye mukaunjika masipika onse pamalo amodzi n'kukweza kuti a tsidya lina amve, omwe ali pafupi mukuwagonthetsa: pa 85 khutu limapirira maola 8, koma pa 100 ndi mphindi 15 zokha. Njira yabwino ndi masipika ambiri ocheperako, omwazidwa, oloza kwa anthu osati ku khoma kapena kudenga la malata. Koma kumwazako kumabala vuto lina. Mawu amayenda mamita 343 pa sekondi, ndipo bwalo lalikulu ndi lotalika mamita 105, kutanthauza kuti mawu ochokera kugolo lina amafika kugolo linalo patapita pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi. Munthu womva masipika awiri otalikirana amamva ng'oma iliyonse kawiri. Mankhwala ake ndi kuchedwetsa sipika yomwe ili pafupi naye ndi ma millisecond atatu pa mita iliyonse (sekondi imodzi ili ndi ma millisecond 1,000). Ya pa mamita 30 kuchokera pa masipika aakulu ichedwe ndi 87 kapena 90. Ngati zida zanu zilibe chochedwetsera mawu (delay), pewani nyimbo za mawu othamanga, ndipo muulutsi aziyankhula modekha, ziganizo zifupizifupi.

Kuyesa zida m'mawa bwalo lili lopanda anthu kumanamiza. Simenti yopanda kanthu imabweza mawu, pomwe matupi ndi zovala zimawameza, makamaka mawu opyapyala. Siyani mpata wokwezera pang'ono anthu akadzaza, ndipo tumani mnzanu akaime kumastandi akutali ndi foni kuti akuuzeni zomwe zikumveka kumeneko, pakuti pomwe pali mikisa si pomwe pali makutu a anthu.

Chotsala ndi chilolezo. Kuika nyimbo pagulu, pamalo olipiritsa pakhomo, kumafuna laisensi ya COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zaluso ku Malawi, malinga ndi lamulo la umwini wa zaluso la 2016, ndipo akaunti ya Spotify kapena YouTube ndi yomvera munthu payekha, siilowa m'malo mwa laisensiyo. Amene akonza masewero ndiwo ayenera kuonetsetsa zimenezi, koma woika nyimbo asunge pepala la nyimbo zomwe zaliradi, dzina la nyimbo ndi la woimba, n'kulipereka kwa okonzawo mpira ukatha. Pepala lomwelo lembaniponso pomwe anthu adaimba nawo ndi pomwe adangokhala duu, kuti pokonza za Loweruka likudzalo mudziwe zochotsa.