Pulani yanga inadutsa ulendo wachiwiri

Mabuloko ndinagula ndisanagwire pepala lililonse. Unali mwezi wa Meyi, mpunga nditaugulitsa bwino, ndipo ndinkadziwa kuti ndalamayo ikagona m'nyumba ithera m'maliro ndi m'zinkhoswe. Ndiye ndinaitanitsa mabuloko 900 ndi mchenga matilipu awiri, n'kuunjika pamalo amene mayi anga anandisiyira m'mbali mwa msewu wa M5, kamtunda ndithu kuchoka pa Kamuzu Road ukamalowera ku Nkhotakota. Ndinkafuna mashopu atatu kutsogolo, nyumba yogona ya zipinda ziwiri kuseri.

Malume ndiwo anandilimbitsa mtima. "Iwe, malowa ndi a mbumba yathu. Makolo athu analima pano sitima isanayambe kulira ku Salima. Amfumu akudziwa, ine ndikudziwa. Ukufunanso kalata ya ndani?"

Bilidala anakoka zingwe, anyamata n'kuyamba kukumba maziko. Tsiku lachitatu kunaima njinga yamoto, anthu awiri a kukhonsolo. Sanakalipe. Anapereka moni bwinobwino, anafunsa mwini ntchito, kenaka wamkuluyo anati, "Mayi, pulani yodindidwa ili kuti?" Ndinathamangira m'chikwama n'kutulutsa kalata ya amfumu, yokhala ndi chidindo chake. Anaiwerenga mpaka pansi n'kundibwezera ndi manja awiri. "Iyi ikunena kuti malo ndi anu. Sikunena kuti mungamangepo chiyani, kapena mungamange pati." Anati ntchito iyambe yaima, ndikaonekere ku ofesi yoona za mapulani.

M'mawa mwake ndinakwera kabaza mtima uli phaphapha, ndikukonzekera kukangana. Bambo amene ndinawapeza anandipatsa mpando n'kundifotokozera mosathamanga. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo angapo a malo nthawi imodzi. Limodzi mwa iwo, Physical Planning Act, linalowa m'malo mwa lakale la 1988, Town and Country Planning Act. Lakalelo linkagwira ntchito m'madera osankhidwa okha, makamaka m'mizinda ndi m'matauni, pamene latsopanoli limatenga dziko lonse la Malawi ngati malo oyenera kutsata mapulani. Mu 2022 malamulowa anawakonzanso. Ndiye malume sankanama ayi, ankanena za dziko limene iwo anakuliramo.

Anandilembera papepala zoti ndibweretse: umboni wa malo, mapu a saveya, pulani ya nyumba makope anayi, fomu yodzaza, kopi ya chiphaso cha unzika, ndi lisiti la ndalama younikira pulani. Ndinayang'ana pepalalo n'kuganiza kuti ndi ntchito ya sabata imodzi.

Umboni wa malo ndiwo unadya nthawi yambiri, ndipo gawo lalikulu la nthawiyo linathera pakhomo pathu pomwe, osati kuboma. Malo a makolo sakhala a munthu mmodzi m'maso mwa abale. Lamulo la Customary Land Act limanena za komiti ya malo imene wapampando wake ndi gulupu, pamodzi ndi anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, osachepera atatu akhale amayi, ndipo munthu akhoza kulembetsa malo a makolo m'dzina lake kapena la banja. Ine ndinasankha kufunsira lizi, chifukwa ndi malo a bizinesi ndipo tsiku lina ndingadzafune ngongole kubanki. Fomu yake imafuna kuti nyakwawa, gulupu ndi mfumu yaikulu asainire kuti malowo alibe mkangano, kenaka idutse kwa a zamalo ku ofesi ya DC isanapite ku Unduna wa Malo ku Lilongwe.

Anyakwawa anakana kugwira cholembera mpaka ana onse a mayi anga atakhala pamphasa imodzi. Ndinawaona ngati ovuta. Koma mng'ono wanga wa ku Lilongwe atabwera, zinatulukira kuti iye ankadziwa zoti theka la kumunsi, la kumene kuli mtengo wa bwemba, mayi anamulonjeza iyeyo. Tinakhala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, malume ali pakati, mawu ena otuluka pamenepo sindingawalembe pano. Tinagawana, tinalemba, aliyense anasaina. Ndikanapanda kudutsa pamphasa imeneyo, bwenzi nkhaniyi itadzaphulika malata ali pamwamba.

Kenaka saveya. Anabwera ndi mnyamata wake, makina oyezera ndi tizitsulo tokhomera bikoni. Atayeza ngodya zinayi anaima m'mphepete mwa ngalande ya maziko anga aja, n'kuyang'ana kumsewu, n'kuyang'ananso ngalande.

"Mayi, amene anakoka chingwe apa anayeza kuchokera pati?"

Ndinati kuchokera pamene pathera phula.

Anaseka pang'ono, osati monyoza. Msewu suthera paphula. Pamisewu ikuluikulu ngati M5, malo a msewu ndi mamita 30 mbali iliyonse, ndipo amayeza kuchokera pakati penipeni pa msewuwo. M'kati mwa mamita amenewo ndi modutsa ngalande, mapaipi a madzi, mapolo a magetsi, komanso ndi mmene msewu umadzakulira akamaukuza. Anakoka tepi ine ndikuona. Khonde lonse la mashopu ndi khoma lakutsogolo zinali m'malo a msewu ndi mamita 7. Ndinakumbukira nyumba zija timaziona m'mbali mwa misewu zitalembedwa X wofiira, zimene ndinkangoti eni ake analakwira winawake wamkulu. Tsiku limenelo nsima sinatsike. Ndalama ya anyamata okumba inapita, matumba asanu a simenti amene tinali titathira kale pangodya anapita, ndipo malo omangapo anachepa moti nyumba yogona inayenera kusunthira kumbuyo mpaka kuyandikira malire a mng'ono wanga.

Apa ndi pamene ndinalakwitsanso kachiwiri, ndipo mwadala, pofuna kubweza ndalama yotayikayo. Mnyamata wina anandiuza kuti pulani amajambula pamtengo wochepa, mawa lomwe. Anabweretsadi mapepala okongola, nyumba yooneka ngati ya ku Area 47, maluwa ojambula pakhonde. Chikomekome cha mkuyu. Pamalopo sanapondepo n'kamodzi komwe, ndipo pambuyo pake ndinazindikira kuti inali pulani ya munthu wina, anangofufuta dzina.

Kalata yochokera ku Lilongwe yoti pempho la lizi lavomerezedwa, imene anthu amangoti ofa, itafika, ndinasonkhanitsa zonse n'kukapereka. Ndalama younikira amawerengera malinga ndi kukula kwa nyumbayo ndi ntchito yake, ya bizinesi imaposa yogona. Lipirani pamene pakutuluka lisiti la khonsolo, ndipo lijambuleni pafoni pomwepo, chifukwa inki ya malisiti ena imafufutika ndi kutentha kwa kuno.

Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti pulani sivomerezedwa ndi munthu mmodzi amene wakulandira pa desiki. Imazungulira. A zaumoyo amaona zimbudzi, madzi oipa ndi mawindo. A zomangamanga amaona maziko ndi denga. Ngati malo ali pamsewu waukulu, a misewu amafunsidwa, ndipo amaonanso ngati simukumanga pansi pa mawaya a ESCOM kapena pamwamba pa paipi ya Central Region Water Board. Kenaka komiti ya mapulani imakhala pansi pa tsiku lake, osati tsiku lililonse. Ndiye popereka funsani kuti komiti ikhala liti, kuti musamangotha ndalama ya kabaza kukafunsa zomwezomwezo.

Yanga inabwerera. Kalata yake inali ndi mfundo zinayi. Panalibe pepala loonetsa mmene nyumbayo yakhalira pamalopo, kutalika kwake kuchokera kumsewu ndi kumalire. Thanki ya chimbudzi inagwera pafupi ndi chitsime cha aneba, chimene mabanja angapo amamwa. Mashopu analibe chimbudzi chawochawo. Ndipo panalibe poima galimoto yotsitsa katundu, kutanthauza kuti lole ikanamaima pamsewu. Ndinawerenga kawiri kufunafuna poti ndikwiyire, koma mfundo iliyonse inali yoona. Ya chitsime ija inandichititsa manyazi kwambiri, chifukwa nanenso ndinakulira madzi a chitsime chimenecho.

Ulendo uno ndinafunsa kaye. Ndinapeza wojambula wolembetsedwa, wokhala ndi chidindo chake ndi nambala yake, ndipo chinthu choyamba chimene anachita ndi kubwera pamalopo ndi khasu. Anakumba kadzenje, anafinya dothi m'manja n'kunena kuti ndi makande. Aliyense wa kuno amalidziwa dothi limeneli: dzinja limafufuma n'kumata ngati ulimbo, chilimwe limang'ambika mpaka phazi la mwana kulowa. Nyumba ikakhala pamaziko osaya imang'ambika nalo limodzi. Anajambula maziko akuya okhala ndi zitsulo, ndi lamba wa konkire wozungulira nyumba yonse pamwamba pa mawindo. Nditadandaula za mtengo wa zitsulo, amene anandiyankha ndi malume, amene tsopano anali atayamba kubwera pa zokambirana zonse. Anakumbutsa za chivomerezi cha mu Malichi 1989, chimene chinagwetsa nyumba zambiri muno mu Salima n'kupha anthu, iwo akugona panja masiku angapo kuopa kulowa m'nyumba. "Lambayo muikepo," anatero. Nkhani inathera pomwepo.

Mwayi umodzi wokha unandipeza osaufuna. Kuyambira 2018, malamulo a bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga, limene nthawiyo linkatchedwa NCIC, saloleza njerwa zootcha pa nyumba za boma ndi za bizinesi, pofuna kuteteza mitengo imene imathera m'mauvuni. Ine mabuloko ndinagula chifukwa choti nkhuni zakwera mtengo, osati chifukwa chodziwa lamulo.

Pulani yachiwiri inali mapepala asanu: la malo, la zipinda, la maonekedwe a mbali zonse, la maziko ndi denga, ndi la mapaipi a madzi oipa. Mashopu anachepa pang'ono m'lifupi, thanki inasamukira mbali ina kutali ndi chitsime, kutsogolo kunatsala bwalo loti lole itembenukirepo. Anthu a kukhonsolo anabweranso kudzaona malo, anafufuza bikoni imodzi imene mbuzi ndi ana anali ataikwirira, anayeza, anapita.

Chilolezo chinatuluka mu Epulo chaka chotsatira. Mabuloko anga anaona dzinja lathunthu, udzu unamera pakati pake, ndipo 40 anasowa, mwina ali m'mafuwa a anthu. Anandibwezera makope awiri odindidwa tsamba lililonse, pamodzi ndi kalata ya zoyenera kutsata. Kalatayo muziiwerenga mpaka kumapeto. Muli nthawi imene muyenera kukhala mutayamba kumanga chilolezo chisanathe mphamvu, muli zoti muwaitane adzaone maziko musanathire konkire, ndipo muli zoti mukasintha kanthu kakakulu pa pulani mukapemphenso. Kope imodzi ndinaikutira m'pulasitiki n'kuisiya kwa bilidala, ina ili m'sutikesi pamodzi ndi ofa ndi malisiti.

Bilidala anayesa kundinyengerera kuti tiwonjezere kachipinda kachinayi pambali, poti mabuloko atsalako. "Achemwali, ndani adzawerenge zitseko?" Ndinamuuza kuti akawerenge yekha pa pulani. Tsiku loona maziko anabwera bambo aja anandiimitsa poyamba, analowa m'ngalande ndi tepi, anagwedeza zitsulo, n'kusaina m'buku.

Pano mashopu awiri ali ndi malata ndi zitseko, lachitatu likudikira mpunga wa chaka chino. Ntchito ikatha yonse ndiyenera kuwaitananso kuti adzaione asanandipatse kalata yololeza kulowamo, ndipo laisensi ya bizinesi ndi khomo linanso, ndalama inanso. Sabata yatha aneba a kumtunda anatsitsa mchenga pafupi ndi phula. Ndisanatsegule pakamwa, malume anali atanyamuka kale pampando, ndodo m'manja, akuwerenga mapazi kuchokera pa mzere woyera wa pakati pa msewu.