Anyamata a Pirates omwe ndikuwadikirira

Ndinayamba kukonda Pittsburgh Pirates, timu ya baseball ya ku America, mu 2017, Gift Ngoepe wa ku South Africa atakhala munthu woyamba wobadwira mu Africa kusewera baseball mu Major League, ligi yaikulu ya masewerawa, ali mu timuyi. Koma masiku ano mtima wanga uli pa achisodzera omwe akuphikidwa ku Altoona ndi ku Indianapolis, matimu aang'ono a Pirates.

Paul Skenes adasankhidwa woyamba pa draft ya 2023 (mwambo womwe matimu amasankhira osewera atsopano), ndipo chaka chisanakwane n'komwe anali atakwezedwa kale kupita ku timu yaikulu ya Pirates. Konnor Griffin, yemwe Pirates idamusankha pa draft ya 2024, ndimamutsatira ngati mwana wa mlongo wanga.

Draft imachitika mu Julayi, kuno ku Dedza chisanu chitafika poluma zala. Ndimadzuka pakati pa usiku, mayi a ana ali mtulo, n'kudzifunditsa bulangete pakhonde pomwe netiweki imagwira bwino, kuwerenga maina limodzilimodzi.